Njinga ya a Chiutsi Inalibe Kilatchi

Loweruka lapitali tinamanga chiliza cha apongozi anga, a Zakeyu Phiri, patatha chaka chiwaikire m'manda. Anthu anabwera ochepa. Ntchito inayenda bwino mpaka pamene mmisiri anatola msomali n'kufunsa dzina loti alembe simenti isanaume. Mkazi wanga Rute, yemwe ndi mwana wawo woyamba, anati alembe Zakeyu Phiri basi. Koma panali nkhalamba ina yomwe inachita kukwera kabaza kuchokera ku Santhe, a Gondwe, omwe anakhala akukangana ndi malemuwo kwa theka la moyo wawo. Iwo anagogoda pansi ndi ndodo.

"Yayi, mama. Zakeyu Phiri ndiye ndani? A Zakeyu Phiri ali mbwee m'Kasungu muno. Lembani Chiutsi. Wagona apayu ndi Chiutsi."

Apongozi aakazi, aNabanda, anali atakhala pamphasa chapatali. Sanakweze mawu. Anangoti, "Dzina limenelo linatha kalekale, a Gondwe. Linathera pa kalavati."

Mmisiri analemba Zakeyu Phiri. Adzukulu awo omwe anali pomwepo ankangoyang'anana, osadziwa kuti Chiutsi ndani, kalavatiyo ndi iti. Ndi chifukwa chake ndakhala pansi kuti ndilembe zomwe ndinaona.

Ndinakwatira pakhomo pawo ndili mphunzitsi wongoyamba kumene pa sukulu ina kuno ku Wimbe, ndipo ndinamanga nyumba kuseri kwa nkhokwe zawo. A Zakeyu anali munthu wamfupi, wa mapewa otambalala, wosakonda kuyang'ana mnzake kumaso. Ankayang'ana manja. Ankati nkhope munthu amaiphunzitsa kunama, koma manja saphunzitsika. Tsiku lomwe ankhoswe anandibweretsa kudzandionetsa, anandigwira dzanja n'kulitembenuza ngati akusankha tsamba la fodya, kenako anauza aNabanda kuti, "Uyu ndi wa choko." Dzanja lawo lamanja linali ndi zala zitatu zokha. Ziwiri zinadyedwa ndi lamba wa chigayo akadali mnyamata.

Achinyamata a lero anawadziwa ngati gogo wogontha wokonza njinga zakapalasa m'mbali mwa msewu. Ankamata machubu, kuwongola malimu, kumanga masipoko, basi. Wa kabaza akabwera ndi njinga yamoto yake kuti amuonere, ankamuloza njira ya ku Santhe osaikhudza n'komwe. Njinga za masiku anozi ankazinyoza, ankati zimalira ngati makina osokera, ndipo munthu wozikwera sadziwa chomwe chili pakati pa miyendo yake. Anyamatawo ankaseka, poganiza kuti ndi nsanje ya nkhalamba yosadziwa injini. Ena okulirapo ankakumbukira kuti pakhomopo pankakhala bambo wina wakufa miyendo, dzina lake Dayisoni, ndipo ankayesa kuti anali mphwawo. Sanali m'bale wawo mwanjira ina iliyonse.

Kale, fodya wa bale akadali mfumu m'chigwa chino, a Zakeyu anali makaniko pa esiteti ina yaikulu. Thalakitala, mapampu othirira nazale, macheka a injini odulira mitengo ya zigafa, zonse zinkadutsa m'zala zitatu zija. Sukulu ya umakaniko sanapiteko. Injini ikadwala ankatenga chitsulo chachitali, mbali ina n'kugunditsa pa injiniyo, mbali ina kuseri kwa khutu, n'kutsinzina. Akatero ankamasula pulagi n'kuiyang'ana mtundu. Ikakhala yofiirira ngati tsamba louma bwino m'chigafa, ankati injini ikudya mokwanira. Ikada, ankati ndi dyera. Ikayera mbuu, ankati injini ili ndi njala ndipo ifa.

Mwa injini zonse ankakonda zing'onozing'ono zija za thu sitiroko, zomwe zimamwa petulo wosakaniza ndi oyilo, zolira mwaukali ngati mavu ogwedezedwa chisa. Ankati injini ya thalakitala ndi bwana, imayamba yapumapuma kenako n'kukankha kamodzi, pomwe ya thu sitiroko ndi tenanti: mpweya uliwonse ndi ntchito, imadya pang'ono, ndipo sikalamba. Ankanena zimenezi akuseka. Pambuyo pake analeka kuzinena.

Nkhani ya mipikisano inayamba ndi pampu ina yomwe inang'aluka mbali yokoka madzi koma injini yake ili moyo. Manijala anati itayidwe. A Zakeyu anainyamula pamutu mpaka kunyumba. Anatenga felemu ya njinga yakuda ija yolemera, n'kuilimbitsa ndi mapaipi a madzi, n'kukhazika injiniyo pakati. Thanki anapanga ndi mgolo wa makina opopera mankhwala. Tcheni chinachoka pa injini molunjika mpaka ku tayala lakumbuyo. Chovuta chinali ekizozi. Anadula, kupinda, kuwotcherera, kumvera, n'kudulanso, mpaka anazindikira okha kuti injini imakoka kwambiri ekizozi ikakhala yotupa pakati ngati nsato yomwe yameza mbuzi. Palibe anawauza. Anamva ndi khutu.

Tsiku loyamba kuiyendetsa anachoka pa zigafa mpaka kudambo, utsi wobiriwira n'kutsala utapachikika pakati pa mitengo ya bulugama ngati nsalu yoyanika. Ana a matenanti anathamanga pambuyo akufuula kuti, "Chiutsi! Chiutsi!" Dzina linamera pomwepo.

Mbiri inafika ku Santhe kwa a Gondwe, omwe anali owotcherera zitsulo pamsika, Mtumbuka wamtali wa mawu okuluwika. Iwo anati ngati Mchewa wa zala zitatu watha, iwo angalephere bwanji. Anapanga yawo ndi injini ya macheka. Kenako woyendetsa chigayo wina anapanga yake, dalaivala wa lole anapanganso, mpaka zinakwana zisanu ndi ziwiri. Fodya akatha kugulitsidwa, mwera ukuwomba, minda ili yeretu, ankasonkhana pa msewu wa esiteti womwe unkawongoka pakati pa mizere iwiri ya bulugama, kuchokera pa zigafa mpaka pa thanki ya madzi. Chapakati msewuwo unkatsetsereka pang'ono kudutsa kamtsinje, ndipo pamenepo panali kalavati ya simenti. Mphoto yeniyeni panalibe. Chaka china panali mbuzi, yomwe opambana ndi olephera anadyera limodzi. Chomwe ankalimbirana linali dzina.

Ndisaname, zinali zokoma. Mpaka lero ndikamva fungo la macheka a injini, mtima umandigunda. Njingazo zinalibe kiki. Amuna awiri ankakankha, wokwera akuthamanga pambali, injini ikangoti tu-tu-tu iye n'kudumphira pachishalo, phokoso n'kung'amba makutu. Amayi ankaimba nthungululu, fumbi lili kobo, mano ali mchenga okhaokha. Anthu omwe chaka chonse ankawerama m'mizere kuyambira m'mamawa, tsiku limenelo ankaima chilili n'kumakuwa mpaka mawu kusasa. Ndinaonapo kapitawo woopedwa atakwera mumtengo ngati mwana kuti aone bwino. Chaka china njinga ya wachigayo uja inagwira moto ikadali poyambira, ndipo inazimitsidwa ndi ndowa ya thobwa la mayi wina yemwe anakhala akumutukwana mpaka dzuwa kulowa. Ina inataya ekizozi panjira, wokwera n'kufika pa thanki ali gwa, osamva kalikonse kwa masiku atatu. Zinali zinthu zoipa maonekedwe, zamawaya paliponse, zonunkha, koma zinali zathu. Palibe inachokera kusitolo.

Kunyumba sizinkakoma choncho. ANabanda anasunga malata awo atsopano oti afolere chipinda chogona, koma atapita kumaliro kwawo anabwerako n'kupeza awiri atasanduka maekizozi. Ngodya imeneyo inadontha zaka zambiri. Mvula ikagwa ankaika beseni, n'kunena mokweza kuti aliyense amve, "Ndikutunga madzi a mpikisano." Kutchalitchi nako akulu a mpingo anawaimika a Zakeyu pa mgonero chifukwa chochititsa mipikisano Lamulungu masana. Iwo anasunthira ku Loweruka, koma sanapepese, ndipo kwa chaka chathunthu ankakhala pa benchi yakumbuyo, chipewa chili pabondo.

Mkangano waukulu unali wa iwo ndi a Gondwe, ndipo unali wa kilatchi. Injini ya macheka imabwera ndi kilatchi yake, kachitsulo komwe kamalekanitsa injini ndi tayala, kotero kuti injini ikaima mwadzidzidzi tayala limapitiriza kuzungulira. Injini ya pampu ilibe. Pa njinga za a Zakeyu injini ndi tayala zinali zomangidwa pamodzi ngati ng'ombe za pagoli: ina ikagwa, inzake igwanso. A Gondwe ankawauza chaka ndi chaka.

"Phiri, ikani kilatchi. Ndikupatsani ine, yaulere. Tsiku lina injini idzagwira, mudzapha munthu."

"Kilatchi imadya mphamvu," ankayankha a Zakeyu. "Injini yanga siigwira. Ndimaimva isanaganize zogwira."

Iwo eni sankakwera pa mpikisano. Anali olemera thupi, ndipo zala zitatu sizikanatha kugwira mafuta ndi buleki nthawi imodzi. Wokwera wawo anali Dayisoni, tenanti wa pa esitetipo, yemwe anabwera pa lole kuchokera ku Phalombe ndi mkazi wake Esinati. Anali bambo wa mwana mmodzi, wowonda ngati bango, wosekaseka, wosadziwa mantha. Ankagona chafufumimba pa thanki, chibwano chili pa chiwongolero. Anapambana zaka ziwiri zotsatizana. Chaka chachitatu njinga yatsopano ya a Gondwe, yomwe ankakwera mng'ono wawo, inamusiya kutali, ndipo anthu a ku Santhe anaimba nyimbo yonyoza mpaka pakhomo pa a Zakeyu.

Chaka chotsatira chonse apongozi anali pa njinga imodzi. Anaitcha Namzeze. Anapala mabowo a m'kati mwa injini ndi tupa mpaka kusalala ngati galasi, anachotsa chilichonse cholemera, ngakhale madigadi ndi chishalo chenicheni, n'kuikapo kathabwa kokutidwa ndi chikopa. Ankadya ataimirira. Rute anali ndi pakati pa mwana wathu woyamba, ndipo sindikukhulupirira kuti bambo ake anazindikira.

Tsikulo linali Loweruka masana, mwezi wa Ogasiti. Ine ndinali ndi wotchi yapamkono, choncho ntchito yanga inali kuima pa thanki ndi nsalu yofiira. Ndisanapalase kupita kumeneko ndinaima kaye poyambira pamene ankayesa injini. Namzeze analira, ndipo aliyense anatembenuka. Mawu ake anali opyapyala, akuthwa, osiyana ndi zinzake zonse. Koma kumbuyo kwake kunalibe utsi. A Gondwe anasendera, anawerama n'kununkhiza pa ekizozi, kenako anadzuka nkhope itasintha.

"Phiri, utsi uli nkhu? Mwathira oyilo wochuluka bwanji umu?"

"Wokwanira."

"Wonjezerani, adada. Ndikukupemphani. Ngati mukufuna, ine ndichotse njinga yanga, mupambane basi."

A Zakeyu anaseka. "Mwayamba mantha, a Gondwe? Utsi ndi mphamvu yotayika. Liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Kwerani tione."

Dayisoni anali pomwepo akumanga nsalu kukamwa.

Ndili pa thanki ndinaona timadontho tiwiri tikukula m'fumbi. Dayisoni anali patsogolo, kutsogolo kwenikweni, mwina ndi mitengo isanu ya bulugama. Phokoso la Namzeze linkakwererakwerera, kufika pomwe sindinamvepo injini ikufika. Anthu m'mbali mwa msewu anali ngati amisala. Ndiye atayamba kutsetsereka kulowera pa kamtsinje, phokoso lija linaduka ngati ulusi. Silinachepe pang'onopang'ono. Linangoduka. Tayala lakumbuyo linauma gwa, njinga inapingasa, ndipo ndinaona chinthu chikuuluka m'mwamba, manja ali tambalale. Mng'ono wa a Gondwe anadutsa m'fumbimo n'kudzaima pafupi nane. Nsalu yofiira ndinali ndikadaigwira m'mwamba.

Titafika tinamupeza atagona chagada m'mphepete mwa kalavati. Magazi panalibe, kupatula pachigongono. Maso anali otsegula, akuyang'ana nthambi za bulugama. Anatiyang'ana n'kunena mwaulemu, ngati munthu wopempha madzi akumwa, "Tandichotserani njingayi pamiyendopa, ikundilemera."

Njingayo inali uko, mapazi khumi kuchokera pomwe anagona.

Apongozi anafika akuthamanga, chipewa chitagwa. Chomwe anachita anthu sanachiiwale, ndipo ena sanawakhululukire mpaka kufa. Anamudutsa Dayisoni. Anapita pa njinga, anagwada, anatulutsa sipanala m'thumba n'kumasula pulagi ikadali yotentha. Inali yoyera ngati choko changa. Anaiyang'ana nthawi yaitali, ikuwawotcha zala, kenako anaiika m'thumba. Atatero ndi pamene anatembenuka kuyang'ana munthu. Esinati anali atafika kale, mwana ali kumsana, ndipo anawalavulira pamapazi.

Dayisoni anamunyamula pa ngolo ya thalakitala kupita kuchipatala cha kuboma, kenako anamutumiza ku Lilongwe. Anakhalako miyezi inayi. Anabwerako atanyamulidwa, msana utathyoka pamwamba pa chiuno. Apo n'kuti mvula itayamba, mbande za fodya zitakula mu nazale, ndipo esiteti inkafuna tenanti wotha kuwerama. Banjalo linauzidwa kuti lituluke m'kanyumba kawo ka pa esiteti pofika Lolemba. Lole yobwerera ku Phalombe pa nyengo imeneyo kunalibe.

Lolembalo m'mawa a Zakeyu anabwereka ngolo ya ng'ombe. Anabwera nayo pakhomo itanyamula Dayisoni pamphasa, Esinati, mwana, mapoto awiri ndi nkhuku yomangidwa miyendo. ANabanda anatuluka ali ndi tsache m'manja.

"Mwabweretsa chiyani, bambo a Rute?"

"Ndabweretsa ntchito yanga."

Mayiwo anatsamiritsa tsache pakhoma. Kenako anapita kuchipinda chakumbuyo n'kuyamba kutulutsa matumba a chimanga. Patapita zaka ankandiuza kuti tchimo linali la amuna awo, koma zofunda ankachapa ndi iwo, tsiku ndi tsiku, zaka khumi ndi chimodzi. Sankanena modandaula. Ankangofuna kuti wina adziwe.

Mipikisano inathera pomwepo. Manijala analetsa, koma ngakhale akanapanda kuletsa palibe akanabwera. Chaka chisanathe apongozi anasiya ntchito pa esiteti. Esinati anapirira chaka ndi theka. Fodya atagulitsidwa, malole akubweza matenanti kwawo, Dayisoni mwini anamuuza kuti akwere. Anati mwana akakulire kwa amalume ake, asakule akuona bambo ake akusambitsidwa ngati khanda. Esinati analira, koma anakwera. Analemba kalata kawiri. Palibe pakhomopo yemwe anamunena.

A Zakeyu ndiwo ankamunyamula. M'mawa kupita naye padzuwa, masana kumthunzi, kuchimbudzi, kosamba. Ankamutembenuza kuti asachite zilonda. Anadula felemu ya Namzeze n'kumupangira njinga ya matayala atatu yopalasa ndi manja, ndipo inali njinga yabwino, yopepuka kuposa zija zochokera kumishoni. Dayisoni anayamba kugulitsa usipa ndi machesi pamphambano. Koma misewu ya kuno ndi mchenga. Kamtunda komwe mwana amathamanga akuimba, iye kankamutengera ola lathunthu, thukuta lili kamukamu, zikhatho zitatupa matuza. Kumsika wa ku Santhe sakanafika n'komwe.

Tsiku lina masana tili pakhonde, ine ndikuchonga makope, apongozi akuwongola limu, Dayisoni anayamba nkhani yomwe ayenera kuti anaisunga nthawi yaitali.

"Madala, injini ya Namzeze ikadalipo?"

"Ilipo."

"Ikonzeni. Muiike panjinga yangayi."

"Ayi."

"Sindikufuna mpikisano. Ndikufuna ndizifika kumsika ngati munthu."

"Ndati ayi. Sindidzaikanso munthu pa injini."

Dayisoni anaseka, koma sikunali kuseka kwake kwa kale. "Ndili ndi miyendo munandipatsa liwiro lomwe sindinkalisowa. Lero ndilibe miyendo, mukundimana. Mukudzisunga nokha, madala, osati ine."

Apongozi anaika limu pansi. Anayang'ana manja awo, osati munthu. Anayankhula pang'onopang'ono, ndipo ndikukhulupirira kuti anali asanauzepo aliyense.

"Pa chigubu cha petulo ndinkathira oyilo tizitini titatu ta polishi. Tsiku lija ndinathira kamodzi ndi theka. Ndinkadziwa kuti ikhoza kugwira. Ndinawerengera kuti igwira utadutsa kale thanki."

Dayisoni sanaphethire.

"Ndinaona mukuthira," anatero. "Mukuyesa ndinalibe maso? Nanenso ndinkafuna kuwasiya a ku Santhe. Tinalakwa awiri. Koma miyendo inapita ya mmodzi. Ndiye ikani injiniyo."

"Ayi."

Kuyambira tsiku limenelo Dayisoni sanawayankhule kwa miyezi isanu ndi iwiri. Ankayankhula ndi aNabanda, ndi Rute, ndi ine, ndi nkhuku zomwe. Koma m'mawa uliwonse ankayenera kukoleka manja m'khosi mwa munthu yemwe sankamuyankhulayo kuti amunyamule. Ndinkawaona akudutsa pabwalo atakumbatirana choncho, masaya atagundana, aliyense akuyang'ana kwake. Sindinaonepo chinthu chomvetsa chisoni ngati chimenecho. Pambuyo pake anayambanso kuyankhulana, za mvula, za mtengo wa usipa, koma za injini ayi.

Zaka zinapita. Apongozi anayamba kufooka msana, ndipo zilonda zomwe ankaziopa zija zinabwera pathupi pa Dayisoni. Zinkapola n'kuyambanso. Chaka chakhumi ndi chimodzi Dayisoni anayamba kutentha thupi pafupipafupi, ndipo sankatulukanso kupita pamphambano. Ndi pamene m'mawa wina a Zakeyu anavala jekete la kutchalitchi, anakwera njinga yakapalasa n'kulunjika ku Santhe. Anali asanaonane ndi a Gondwe chichitikire ngoziyo. A Gondwe anandiuza Loweruka lija pamanda kuti anangoona munthu ataima pakhomo pa shedi, chipewa chili m'manja.

"Anati, 'Ndabwerera kilatchi ija.' Basi. Ndinalowa m'kati, ndinamasula pa macheka anga omwe ndinkagwiritsa ntchito, ndinamupatsa. Tinamwa tiyi osayankhulana. Ndinkafuna kumuuza kuti wachedwa chomene, koma ndinaona kuti akudziwa."

Ntchito yoika injini ya Namzeze pa njinga ya Dayisoni anaigwira milungu itatu. Pisitoni yatsopano anaipeza kwa wamacheka wina ku Chamama. Anaika giya yaikulu pa tayala kuti njinga iziyenda ngati munthu wothamanga pang'ono, osapitirira apo. Itatha anaikankha mpaka pakhomo pa chipinda chakumbuyo, anatsegula chitseko, anakulunga chingwe n'kukoka. Kachitatu inalira. Utsi unatuluka wochindikala, wobiriwira, unadzaza khonde n'kulowa m'chipindamo mpaka aNabanda anayamba kutsokomola. Dayisoni anali gone chammbali, atatha ngati nkhuni. Anakweza mutu pang'ono, anakoka mpweya ndi mphuno, n'kutsinzina.

"Lero ndiye mwathira oyilo, madala."

"Tizitini tinayi."

"Mawa ndiiyesa."

Sanaiyese. Mawa lakelo thupi linatentha kwambiri, tinapita naye kuchipatala, ndipo anamwalira patapita masiku asanu. Uthenga unapita ku Phalombe koma palibe anafika nthawi yake. Anthu ena ankati aikidwe kumapeto kwa manda, komwe amaika alendo. Apongozi, omwe sankayankhula pagulu, anaimirira n'kunena kuti munthu yemwe wamunyamula zaka khumi ndi chimodzi si mlendo, ndipo agona pakati pa a Phiri. Anagonadi pamenepo. Njinga ija apongozi anaipereka kwa mayi wina wolumala wa ku Santhe, atachotsa injini.

Anakhalanso zaka zambiri pambuyo pake, makutu akufa pang'onopang'ono. Esiteti ija inagawidwa, bulugama anadulidwa, msewu wowongoka uja analimapo soya. Sankakamba za mipikisano. Ine ndikayamba, poti ndimaikumbukira ndi chimwemwe chomwe chimandichititsa manyazi, ankadzuka n'kupita kukaona mbuzi. Kamodzi kokha, atamwa pang'ono pa ukwati wa mdzukulu wawo, anandikoka malaya n'kundiuza kukhutu kuti palibe injini m'Kasungu monse yomwe inalirapo ngati Namzeze pa masekondi omaliza aja, ndipo kuti Mulungu awakhululukire chifukwa amawamvabe mawuwo ndipo amawakoma.

Anamwalira chaka chatha mwezi wa Juni, m'mawa kukuzizira. Mayi wina anabweretsa njinga yophulika tayala, anawapeza atakhala pa mpando wawo, chubu chili pamiyendo, guluu atauma pachala.

Dzulo ndinadutsa kuseri kwa nyumba, komwe kunali kachisakasa kawo kogwirira ntchito. Denga linagwa ndi mvula ya chaka chino, ndipo zitsulo zonse anatenga anyamata ogula zitsulo zakutha. Pakati pangotsala chipika cha muwanga chokwiriridwa pansi, chokhala ndi mabowo anayi pomwe pankamangidwa chopanira zitsulo. Kuzungulira chipikacho dothi ndi lakuda bii, lolimba ngati phula. ANabanda anayesa kudzalapo maungu, koma sanamere. Chisoso chamera pabwalo ponse, chafika m'mphepete mwa dothi lakudalo n'kuima. Pakhomo pa chipinda chakumbuyo pakadali kachitunda kotsetsereka ka njerwa ndi dothi komwe anaumba kuti matayala azikwera bwino. Mvula yakadya mbali imodzi, ndipo chipindacho abwezeramo chimanga, kotero kuti kachitundako sikathandizanso aliyense, kamangopunthwitsa onyamula matumba. Ndinafunsa aNabanda ngati ndibwere ndi khasu ndikasalaze. Anapitiriza kusesa mozungulira, osandiyang'ana.

"Kasiyeni, aphunzitsi. Kadzatha kokha."